Amati malonda ndi m'maso, nanga wailesi inayamba bwanji kugulitsa katundu?

Funso

Mayi wina wochita bizinesi wafunsa kuti: "Ndili ndi golosale ndipo ndikuganiza zokalengeza malonda anga pa wailesi ya m'dera lathu. Koma pali chimene chimandizunguza mutu. Nyuzipepala timagula, foni timathira mayunitsi, pomwe wailesi timangomvera ulere. Zinayamba bwanji kuti amalonda ndiwo azilipira? Nanga popeza akuluakulu amati malonda ndi m'maso, wailesi inatha bwanji kugulitsa katundu amene munthu sakumuona?"

Yankho

Mayi, mafunso anu awiriwa ali ndi muzu umodzi. Wailesi ilibe chipata. Mawu akangochoka pa mlongoti, aliyense amene ali ndi chomvera amawatola, ndipo palibe amene angamuimitse kuti ayambe walipira. Anthu amene anayambitsa kuulutsa mawu ku America m'zaka za m'ma 1920 analimbana ndi nkhaniyi zaka zingapo, ndipo njira imene anaipeza ndi yomwe inabala zambiri zimene mumamva lero: kanyimbo ka malonda, sewero lothera pabwino kuti mawa mudzatsegulenso, mpikisano wotumiza zikutiro, ngakhale mawu aja akuti "pulogalamuyi akukupatsirani ndi a kampani yakutiyakuti". Nkhaniyi ndi ya ku America kwenikweni, choncho tiyambira kumeneko.

Poyambirira wailesi sinapangidwire gulu. Guglielmo Marconi, amene mu 1901 anaolotsa chizindikiro cha wailesi panyanja ya Atlantic kuchokera ku Cornwall mpaka ku Newfoundland, ankaitenga ngati telegalamu yopanda nthambo, yotumizira uthenga kwa munthu mmodzi kapena kwa sitima ili pakati pa nyanja. Zoti wina wapambali akhoza kumva nawo uthengawo zinkaoneka ngati vuto lofunika kulithetsa. Amene anasandutsa vutoli bizinesi ndi a kampani ya Westinghouse ku Pittsburgh. Injiniya wawo, Frank Conrad, ankakonda kuika mbale za galamafoni pa makina ake oulutsira mawu m'galaja ya kunyumba kwake, ndipo anthu odzipangira okha timawailesi ankamumvera n'kumamulembera makalata opempha nyimbo. Mu Seputembala 1920 sitolo ya Joseph Horne inalengeza m'nyuzipepala kuti ikugulitsa zida zomvera nyimbo za Conrad, mtengo kuyambira madola 10. Mkulu wina wa Westinghouse, Harry P. Davis, ataona chilengezocho anazindikira pamene panali ndalama: anthu mukawapatsa chomvera usiku uliwonse, adzagula mawailesi. Pa 2 Novembala 1920 siteshoni yawo ya KDKA inaulutsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti pakati pa Warren Harding ndi James Cox.

Ndiye kuti woyamba kulipirira wailesi anali wopanga mawailesi mwiniwake. Pulogalamu inali nyambo, nsomba inali wogula chida. Ena anatsatira pa zifukwa zawozawo: masitolo akuluakulu, nyuzipepala, mayunivesite ndi mipingo anatsegula masiteshoni kuti dzina lawo limveke. Kumayambiriro kwa 1922 dziko lonse la America linali ndi masiteshoni pafupifupi 30, koma chaka chisanathe anaposa 500. Chaka chimenecho anthu anawononga madola pafupifupi 60 miliyoni pogula mawailesi ndi zipangizo zake. Pofika 1929 ndalamayo inaposa madola 800 miliyoni.

Chida chimene munthu ankamvera chija ndi chofunika kuchiona pafupi, chifukwa kusintha kwake ndi kumene kunakopa amalonda. Kawailesi koyambirira ka anthu wamba kanali waya wamkuwa wokulungidwa pa chikatoni chozungulira, nthawi zambiri chija chogulitsira phala la oats, kamwala konyezimira kotchedwa galena, ndi kawaya kopyapyala ngati ndevu ya mphaka. Womvera ankavala mahedifoni n'kumagunditsa kawayako malo osiyanasiyana pa kamwalako mpaka mawu amveke. Wina akangogwedeza tebulo, mawu aja ankathawa. Kunja kunkafunika waya wautali womangirira pa mtengo kapena pa denga. Batire sikankafuna, koma kankamveka kwa munthu mmodzi basi. Kenako kunabwera mawailesi a mavavu, timababu tokuza mawu, okhala ndi sipika, koma ankadya mabatire amitundu iwiri kapena itatu, limodzi lolemera ngati la galimoto, lofuna kutchajitsa ndipo nthawi zina lodontha asidi pansi. Amayi ambiri sankalola zimenezo pabalaza. Cha m'ma 1927 mawailesi ongolumikiza ku magetsi a m'nyumba atafala, ataikidwa m'mabokosi okongola a matabwa, wailesi inachoka m'manja mwa mnyamata wokonda kusewera ndi mawaya n'kukhala pakati pa banja lonse. Kalembera wa 1930 anapeza kuti mabanja pafupifupi 40 mwa 100 alionse anali ndi wailesi. Wa 1940 anapeza oposa 80.

Vuto linali loti wailesi munthu amagula kamodzi, pomwe kuulutsa mawu kumadya ndalama tsiku ndi tsiku. Oimba amene poyamba ankabwera ulere chifukwa cha chidwi anayamba kufuna malipiro. Cha mu 1923 bungwe la eni nyimbo la ASCAP linayamba kulipiritsa masiteshoni. Maganizo analipo ambiri: msonkho pa wailesi iliyonse, zopereka za omvera, thandizo la anthu olemera. Dziko la Britain linasankha msonkho. BBC itayamba mu 1922, mwini wailesi aliyense ankagula chiphaso cha masheleni 10 pachaka, ndipo malonda pa wailesi analetsedwa. Ku America yankho linachokera kwa anthu a lamya.

Kampani ya AT&T inkaganiza monga mmene wogulitsa lamya amaganizira. Iyo sinkalankhulira munthu pa lamya. Inkangomupatsa nthambo, iye n'kulipira malinga ndi mphindi zimene walankhula. Siteshoni yake ya WEAF ku New York inatsegulidwa pa nzeru yomweyo, imene ankaitcha toll broadcasting: chipinda chili apa, maikolofoni ili apa, amene ali ndi mawu ouza anthu abwere alipire. Panapita masiku angapo wopanda wobwera. Pa 28 Ogasiti 1922 kampani yogulitsa nyumba ya Queensboro Corporation inalipira madola 50 kuti munthu wake alankhule mphindi 10 za ubwino wokhala kunja kwa phokoso la mzinda, m'nyumba zake za ku Jackson Heights. Ambiri amawerengera tsiku limeneli ngati chiyambi cha malonda olipiridwa pa wailesi.

Musaganize kuti anthu anaombera m'manja. Herbert Hoover, amene panthawiyo anali nduna ya zamalonda ndipo ndiye ankapereka ziphaso za masiteshoni, ananena poyera mu 1922 kuti sizingaloledwe kuti chida chothandiza chotere chimizidwe ndi phokoso la otsatsa malonda. Ngakhale akatswiri ena otsatsa malonda ankaopa. Maganizo awo anali oti chilengezo cha m'nyuzipepala munthu amachilumpha ndi maso akapanda kuchifuna, koma mawu a pa wailesi amalowa m'nyumba ngati mlendo, ndipo mlendo woyamba kuitanira malonda pabalaza eni nyumba amam'pitikitsa. N'chifukwa chake WEAF inali ndi malamulo okhwima: osatchula mtengo, osafotokoza maonekedwe a paketi, osalonjeza zaulere. Akuluakulu ake anakambirana nthawi yaitali ngati mankhwala otsukira mano ndi chinthu choyenera kuchitchula pagulu.

Apa ndi pamene pali nzeru imene ine ndimaiona kuti ndiyo inasintha zinthu kwambiri, ngakhale anthu saitchula kawirikawiri. Atamuletsa kuitanira, wamalonda anagula pulogalamu yonse n'kuipatsa dzina lake. Kampani ya mabatire ya National Carbon inayambitsa Eveready Hour kumapeto kwa 1923. Masitolo a A&P anali ndi gulu loimba lotchedwa A&P Gypsies, a mankhwala otsukira mano anali ndi Ipana Troubadours, a zakumwa anali ndi Clicquot Club Eskimos, a maswiti a Happiness anali ndi oimba awiri otchedwa Happiness Boys. Taonani mmene zinkagwirira ntchito. Muulutsi sankanena kuti "gulani". Koma nyimbo iliyonse isanayambe ankatchula gulu loimbalo, ndipo potchula gululo ndiye kuti watchula katunduyo. Ola likamatha dzina lamveka kakhumi kapena kuposa, lili limodzi ndi chinthu chimene womvera wasangalala nacho. Nyuzipepala nazo posindikiza ndandanda ya mapulogalamu zinkasindikiza dzinalo ulere. Womvera ankadzimva ngati wapatsidwa mphatso, ndipo tsiku logula, pakati pa mapaketi awiri ofanana pa shelefu, dzanja linkapita ku dzina limene amalidziwa.

Kuti malondawa akhale a dziko lonse panafunika nthambo. Siteshoni imodzi inkamveka bwino mzinda wake ndi madera oyandikira basi. AT&T inali ndi nthambo za lamya zolumikiza mizinda, ndipo inayamba kutumiza pulogalamu imodzi kuchokera ku New York kupita ku masiteshoni angapo nthawi imodzi. Mu 1926 inagulitsa WEAF kwa kampani yogulitsa mawailesi ya RCA pa mtengo wa madola 1 miliyoni, ndipo pamenepo panabadwa NBC, kampani youlutsa mapulogalamu kudzera m'masiteshoni ambiri olumikizidwa ndi nthambo, yomwe posakhalitsa inali ndi magulu awiri a masiteshoni, Red ndi Blue. Kampani ina yotere, CBS, inayamba mu 1927. Mu 1928 inagwera m'manja mwa William Paley, mnyamata wa m'banja lopanga ndudu za La Palina, amene anaona malonda a nduduzo akukwera koposa kawiri atazilengeza pa wailesi. Paley anakonza mgwirizano wochenjera ndi masiteshoni ang'onoang'ono: iye aziwapatsa ulere mapulogalamu opanda malonda oti azidzazira tsiku, iwo azimusiyira maola amene iye wagulitsa kwa amalonda. Motero ankatha kuuza kampani motsimikiza kuti Lachinayi 8 koloko madzulo dzina lanu limveka m'mizinda yakuti ndi yakuti. Woimba wotchuka amene siteshoni imodzi sikanatha kumulipira tsopano ankalipirika, chifukwa mtengo wake unkagawika pa omvera mamiliyoni.

Chotsatira chake n'chakuti mapulogalamu akuluakulu sankapangidwa ndi eni wailesi. Ankapangidwa ndi makampani otsatsa malonda, monga J. Walter Thompson ndi Lord & Thomas. Iwo ndi amene ankalemba ntchito olemba masewero, oimba ndi ochita zisudzo, n'kubwera nazo zokonzakonza ku situdiyo, ndipo malipiro awo anali 15 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene kasitomala walipira ku wailesi. Mu 1929 a J. Walter Thompson anaika woimba Rudy Vallée pa pulogalamu ya yisiti ya Fleischmann, ndipo mu 1934 anayambitsa Lux Radio Theatre ya sopo wa Lux.

Tsopano ku funso lanu la maso. Wolemba malonda wa m'nyuzipepala anali ndi chithunzi, zilembo zikuluzikulu ndi ndime zofotokoza, ndipo wowerenga ankatha kubwereza, kudula pepalalo n'kulisunga. Pa wailesi mawu akadutsa adutsa. Amene ankangotenga chilengezo cha m'nyuzipepala n'kuchiwerenga pa maikolofoni ankalephera, chifukwa khutu silisunga ziganizo zazitali, manambala ambiri kapena mfundo zisanu nthawi imodzi. Anaphunzira kulemba ziganizo zazifupi, kugwira mfundo imodzi, kutchula dzina poyamba, pakati ndi pomaliza, ndi kulitchula chilembo chimodzichimodzi ngati ndi lovuta. Malamulo atafewa anaphunziranso kuuza womvera chimene akayang'ane m'sitolo, mtundu wa paketi kapena chizindikiro chake, kuti chimene khutu lamva maso akachipeze. Choncho mwambi wanu uja sunagwe. Maso ankamalizabe malondawo m'sitolo. Wailesi inkangoonetsetsa kuti wogula akulowa ali ndi dzina kale m'mutu.

M'malo mwa chithunzi, wailesi inali ndi liwu la munthu. Muulutsi amene banja lamumva usiku uliwonse kwa chaka amasanduka ngati wachibale, ndipo akanena kuti khofi uyu ndi wabwino, zimamveka ngati malangizo a mnzako. Inalinso ndi nyimbo. Pa 24 Disembala 1926 siteshoni ya WCCO ku Minneapolis inaulutsa amuna anayi akuimba kanyimbo kotamanda chakudya cha m'mawa cha Wheaties. Patapita zaka zochepa, akuluakulu a General Mills akuganiza zosiya kupanga chakudyacho chifukwa sichinkayenda malonda, anapeza kuti gawo lalikulu la zimene zinkagulidwa linali la dera lokhalo limene kanyimboko kankamveka. M'malo mosiya, anakafalitsa dziko lonse. Kanyimbo kamachita ntchito imene chilengezo cholankhula sichingachite: womvera amakabwereza yekha akusesa kapena akuyenda, wamalonda osalipiranso kanthu. A mawotchi a Bulova anapeza njira ina yotsika mtengo mu 1926: ankagula masekondi ochepa okha olengeza nthawi, dzina lawo n'kumamveka limodzi ndi ola.

Koma chuma chenicheni chinali chizolowezi. Mu Ogasiti 1929 a mankhwala otsukira mano a Pepsodent anaika pa NBC sewero la Amos 'n' Andy, mphindi 15, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, nkhani yopitirira. Linakoka anthu moti nyumba zina zoonetsera kanema zinkaimitsa filimu kuti anthu amvere kaye sewerolo, kuopa kuti akapanda kutero sabwera. Tisabise kuti seweroli linali la azungu awiri, Freeman Gosden ndi Charles Correll, otengera kalankhulidwe ka anthu akuda m'njira imene akuda ambiri anaidandaula kuti ndi yonyoza. Ndalama zinapangidwa pamsana pa ulemu wa anthu ena. Chimene amalonda anaphunzirapo n'chakuti mphindi 15 tsiku lililonse pa ola lomwelomwelo zimaposa ola lathunthu la apo ndi apo, chifukwa anthu amakonza tsiku lawo motsatira pulogalamuyo.

Nzeru imeneyi anaipititsa masana. Poyamba maola a masana ankaoneka opanda phindu, poganiza kuti mayi wotanganidwa ndi ntchito za pakhomo sangakhale pansi n'kumamvera. Anaiwala kuti wailesi sifuna kukhala pansi: munthu amachapa, kusita ndi kuphika khutu lili komweko, ndipo mayi yemweyo ndiye wogula sopo, mafuta ndi ufa. Irna Phillips anayambitsa sewero lopitirira la masana pa WGN ku Chicago mu 1930. Mu 1933 a Procter & Gamble anaika sewero la Ma Perkins lotsatsa sopo wochapira wa Oxydol, lokonzedwa ndi Frank ndi Anne Hummert, amene pambuyo pake ankayendetsa masewero ambiri nthawi imodzi ngati fakitale, iwo akukonza mutu wa nkhani, olemba ena akudzaza zokambirana. Dzina loti soap opera linachokera pamenepa. Kapangidwe kake kanali koganizira mayi wotanganidwa: nkhani yoyenda pang'onopang'ono, muulutsi wokumbutsa za dzulo poyamba, otenga mbali otchulana mayina pafupipafupi kuti wotuluka kukayanika zovala asasochere, chilengezo cha sopo koyambirira ndi kothera, ndipo Lachisanu nkhani yothera pa mpanipani kuti Lolemba asajombe.

Ulemu wa masiku oyamba uja sunakhalitse. Mu 1929 malamulo a bungwe la eni masiteshoni ankanenabe kuti pakati pa 7 koloko ndi 11 koloko usiku pasamakhale kuitanira malonda, poti ndi nthawi ya banja. Chuma chitagwa chaka chomwecho, makampani anayamba kufuna kuona katundu akutuluka, osati kungodziwika dzina. George Washington Hill, mkulu wa kampani ya American Tobacco, eni fodya wa Lucky Strike, ankakhulupirira zobwereza mawu amodzimodzi mokweza mpaka atakhazikika, ngakhale womvera atopetsedwe nawo, ndipo fodya wake ankamutsatsa kwa amayi ngati njira yopewera kunenepa. Mu 1932 NBC ndi CBS zinalola kutchula mitengo.

Panatsala funso limene inunso mudzadzifunsa mukalipira: ndani wamva? Nyuzipepala imadziwa makope amene yagulitsa, wailesi siona omvera ake. Poyamba ankawerenga makalata, koma olemba makalata ndi anthu amtundu wawowawo, sangaimire onse. Kenako anatulukira njira ya chikutiro. A Oxydol analengeza pa sewero lija kuti wotumiza masenti 10 ndi chivundikiro cha paketi alandira mbewu za maluwa, ndipo mayankho anaposa miliyoni imodzi. Ubwino wa njirayi ndi woti chivundikiro ndi umboni wa zinthu ziwiri: munthuyo anamva, ndipo anagula. Adiresi ya wotumiza inkaonetsanso dera limene malonda akuyenda. A Ovaltine anachita chimodzimodzi ndi ana, powatumizira timabaji ndi tizida tomasulira mauthenga achinsinsi.

Mu 1930 Archibald Crossley anayamba kuimbira anthu lamya kuwafunsa zimene anamvera dzulo lake. Njirayi inali ndi zilema ziwiri: anthu amaiwala n'kumangotchula mapulogalamu otchuka, ndipo woyankha lamya sadziwa zimene ena m'nyumbamo anamvera. C. E. Hooper, kuyambira 1934, ankaimba pulogalamu ili mkati n'kufunsa chimene chikumveka nthawi yomweyo. Izi zinathetsa vuto la kuiwala koma osati la lamya: mabanja ambiri osauka ndi akumudzi anali ndi wailesi koma analibe lamya, choncho sankawerengedwa, ndipo zokonda zawo sizinkalemera pa sikelo ya amalonda. Mu 1942 a A. C. Nielsen anayamba kugwiritsa ntchito kachida kolumikiza ku wailesi kolemba siteshoni imene yatsegulidwa ndi nthawi yake, ngakhale kachidako sikankadziwa ngati m'chipindamo muli munthu. Pofika apa zinali zitaonekeratu kuti katundu amene wailesi imagulitsa ndi omvera: mtengo wa mphindi unkakwera kapena kutsika malinga ndi chiwerengero cha makutu.

Chikhulupiriro cha anthu pa liwu la pa wailesi chinagwiritsidwanso ntchito moipa, ndipo nkhani ya John R. Brinkley iyenera kudziwika kwa aliyense womvera malonda a mankhwala. Munthuyu, wa maphunziro a udokotala okayikitsa, anatsegula siteshoni ya KFKB ku Milford m'chigawo cha Kansas mu 1923, n'kumaitanira amuna ofooka m'nyumba kuti adzawaike tiziwalo ta mbuzi pa mtengo wa madola 750. Analinso ndi pulogalamu yowerenga makalata a odwala, n'kumawalembera mankhwala pa wailesi pomwepo asanawaone, mankhwala a manambala ogulitsidwa m'masitolo amene ankamupatsa gawo lake. Anthu ambiri anavulala, ena anafa. Mu 1930 analandidwa chiphaso cha udokotala ku Kansas ndipo bungwe loyang'anira mawailesi linakana kumuwonjezera chiphaso cha siteshoni, koma iye anangoolokera ku Mexico n'kumanga siteshoni yamphamvu kwambiri ya XER ku Villa Acuña, yomveka mbali yaikulu ya America. Lamulo lopatsa boma mphamvu zokwanira zolimbana ndi malonda abodza a zakudya ndi mankhwala linadzabwera mu 1938. Zina zinawonongeka mwakachetechete: pamene boma linagawanso malo a masiteshoni mu 1928, malo abwino ndi maola abwino anapita kwa amalonda, ndipo masiteshoni ambiri a sukulu ndi mipingo anatsekedwa m'zaka zotsatira.

Zimene Brinkley anachita pa malire zinachitikanso kwina, mwa njira yaulemu. Makampani a ku Britain, atakanizidwa pa BBC, anakagula nthawi pa Radio Normandy ku France kuyambira 1931 ndi Radio Luxembourg kuyambira 1933. Masiteshoniwa ankakokera anthu ambiri Lamulungu, tsiku limene BBC, motsogozedwa ndi mkulu wake John Reith, inkadzaza ndi mapemphero ndi nyimbo zodekha. Kum'mwera kwa Africa kuno ntchito imeneyi inagwiridwa ndi wailesi ya ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, imene kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1930 inkaulutsa nyimbo ndi malonda kwa omvera a ku South Africa. SABC, wailesi ya boma ya South Africa, inadzatsegula yake yamalonda, Springbok Radio, pa 1 Meyi 1950, ndipo inatengera zonse zija: masewero opitirira, mipikisano ndi mapulogalamu a mayina a katundu.

Kwathu wailesi inalowera khomo lina, la boma. Siteshoni ya ku Lusaka, yomwe inayamba mu 1941 pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo, inadzakhala Central African Broadcasting Station, youlutsira Afirika a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zawo, Chinyanja chili momwemo. Vuto lake linali lija la Westinghouse koma mozondoka: mawu analipo, zomvera kunalibe. Mkulu woona zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo mpaka a Ever Ready a ku Britain anavomera. Mu 1949 inatuluka Saucepan Special, wailesi yokhala m'chigoba cha aluminiyamu chonga sefuliya, yopakidwa utoto wabuluu, mabowo ake otchingidwa kuti tizilombo tisalowe, mtengo wake mapaundi 5, batire lake masheleni 25. N'zosadabwitsa kuti amene anavomera ndi opanga mabatire, monganso opanga mabatire a ku America anali m'gulu loyamba kulipirira pulogalamu: wailesi igulidwa kamodzi, batire lidzagulidwa mobwerezabwereza. MBC itayamba mu 1964 inayenda ndi miyendo iwiri, thandizo la boma ndi malonda, ndipo m'dziko limene nyuzipepala sizinkafika kumidzi yambiri komanso anthu ambiri sankatha kuwerenga, wailesi inali njira yokhayo yolankhulira ndi ogula onse nthawi imodzi.

Pa chilengezo chanucho, zimene anthuwa anaphunzira ataluza ndalama zambiri mukhoza kuzitenga ulere. Musalengeze katundu asanafike pa shelefu; wogula wobwerera chimanjamanja kachiwiri sakhulupiriranso. Ndalama zikakhala zochepa, musazimwaze pa maola osiyanasiyana. Sankhani nthawi imodzi imene ogula anu amamvera, kaya nkhani zisanayambe kaya pulogalamu ya moni, ndipo mukhale pamenepo masabata angapo motsatizana. Gwirani mfundo imodzi, tchulani dzina la golosale katatu, ndipo malo muwafotokoze ndi chizindikiro chimene aliyense amachidziwa, monga chigayo kapena depoti, chifukwa nambala ya foni yotchulidwa kamodzi palibe amene amaigwira. Mawuwo muwawerenge mokweza wotchi ili m'manja musanapite nawo ku situdiyo. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo akachuluka muulutsi amathamanga, dzina lanu n'kumezeka. Pomaliza ikanimo chikutiro chanu: nenani kuti wobwera n'kutchula mawu akutiakuti amene amveka pa wailesi pokha achotseredwa pang'ono pa mtengo wa shuga kapena sopo, ndipo pakauntala pakhale kope lolembamo tsiku, chimene wagula ndi mudzi umene wachokera. Pakatha mwezi muyerekeze zogulitsa za mwezi umenewo ndi za mwezi wapitawo, mukumbukire ngati pakati pake panagwa malipiro a mwezi kapena nyengo yokolola, kenako muone ngati phindu lowonjezeralo laposa zimene munalipira ku wailesi.